Pitani, ndipo mukafunse za kabwezedwe ka ngongoleyo

Achimwene, pitani ndithu ku msonkhano wa khonsolo wokambirana za bondi yomangira misewu ndi mipope ya madziyo. Bondi ndi ngongole: mzinda umabwereka n'kumabweza ndi chiwongoladzanja, nthawi zina kwa zaka 20 kapena 30. Obweza ndinu nomwe, kudzera m'misonkho ya malo kapena mabilu a madzi.

Pa misonkhano yomwe ndakhalapo, amene amamvedwa ndi omwe awerengeratu zikalata n'kufunsa molunjika: ndalama zobwezera zichokera kuti, nanga ntchito ikadula kuposa bajeti adzalipira ndani? Lembetsani dzina msanga chifukwa nthawi yolankhula imachepa, ndipo mfundo zanu mukaziperekenso polemba.

Ngati msewuwo udutsa pamalo panu, onanani ndi loya msonkhano usanachitike.