Mvula ya Okutobala ku UK si yodzalira

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake tomato wanu wada, mbatatesi yawola ndipo repu wangotsala mitsitsi pa allotment, kamunda komwe munapatsidwa ndi khonsolo, komanso ngati mungagaule tsopano poti mvula yafewetsa nthaka. Khasulo liyambe lapuma m'shedi.

Kumudzi mvula ikagwa timathamangira kumunda chifukwa mawa lake dzuwa liwala, nthaka n'kupuma. Kuno mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limakhala lopanda mphamvu, kumada msanga, ndipo madzi akalowa pansi amakhalitsa mpaka cha mu Malichi. Ngati dothi lanu ndi lamakande, monga lilili m'madera ambiri a London, mukaliponda lili lonyowa limatsendereka, mpweya n'kutheramo. Mizu imafuna mpweya, ikausowa imawola ngakhale mutathira manyowa ochuluka bwanji. Dothi likamakakamira ku nsapato, bwererani. Mukafuna kudula kabichi, yalani thabwa muzipondapo.

Chomwe chadetsa tomatoyo ndi chiwawu, amene anzathu kuno amati blight, ndipo ndi chomwechonso chalowa m'mbatatesi. Chimabuka kukakhala chinyontho chambiri masiku awiri otsatizana, kutentha kusanatsike pa madigiri 10. Ndiye kuti chinayamba kale, mwina mu Ogasiti kapena Seputembala, mvulayi yangomalizitsa. Madontho akamagwa amatsukira matendawa kuchoka pamasamba kupita pansi pomwe pali mbatatesi. Chaka chamawa mukangoona mawanga akuda, dulani mitengo yonse ya mbatatesi, dikirani milungu iwiri, kenako kumbani tsiku louma. Zomwe zawolazo musaponye pa kompositi, ndipo musasiye ngakhale kambatatesi kamodzi m'nthaka, chifukwa matendawa amabisala mmenemo nyengo yonse yozizira.

Repuyo adya ndi nkhono, makamaka zopanda chigoba zija. Zimatuluka usiku. Pitani ndi tochi madzulo mukatole, ndipo chotsani mapoto ndi zinyalala zomwe zimabisalamo. Mankhwala ophera nkhono a metaldehyde analetsedwa kuno mu 2022, choncho wina akakupatsani chitini chakale mukane. Ololedwa ndi a ferric phosphate.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi dothi losiyidwa lambulanda. Mvula imakokolola chakudya cha mbewu, makamaka nayitirojeni, ndiye feteleza wothira pano ndi ndalama yotaya. Phimbani mabedi ndi makatoni, pamwamba manyowa owola bwino kapena masamba ogwa m'mitengo, omwe pano ali mbwee mwaulere. Nyongolotsi zidzakugaulirani zokha.

Sikuti palibe chodzala. Adyo amafuna kuzizira kuti agawike bwino, ndipo nthawi yake ndi ino. Nyemba za broad beans, mtundu wa Aquadulce Claudia, nazonso zimapirira. Koma zidzaleni pamwamba pa mzere kapena bedi lokwezeka kuti madzi azitsetserekera mumkwasa. Luso lopanga mizere muli nalo kale, ligwiritseni ntchito dothi likaumako.

Maungu ngati akadali kumunda, akololeni sabata ino chisanu chisanawaononge, muwasiyire kaphata kake, muwaike pawindo m'nyumba masiku khumi khungu likhwime. Ndipo mvula yamphamvu ikagwanso, valani magambutsi mupite mukaone pomwe madzi akudikha pa puloti yanu. Pamenepo musadzaikepo anyezi kapena mbatatesi. Funsaninso achikulire omwe akhalitsa pamalopo, amadziwa ngodya zomwe zimamira chaka ndi chaka.