Funsani Amakaniko: Kodi buku lokonzera njinga yamoto ndi lodalirika?

FUNSO

Akulu, ndikudzutsa njinga ya malemu bambo anga, Honda CG125 yakale yomwe yakhala itaima zaka zambiri. Ine si makaniko koma ntchito zamanja ndimazikonda, nde ndinatsitsa manual pa intaneti, yongojambula ndi sikana, masamba oyamba mulibe. Ndatsata zonse koma bawuti ya pa kavala ya injini yadya mazinga ndikumanga ndi torque wrench (sipanala yoyeza kulimba kwa bawuti, yomwe imalira ikafika pa nambala waitchera) pa 10 monga bukulo likunenera, komanso chithunzi cha mawaya chikuonetsa mapoyinti pomwe yanga ili ndi kabokosi ka CDI. Mnzanga akuti mabuku amenewa ndi bodza lokhalokha, ndingotaya. Ndimumvere?

Wowerenga wanu

YANKHO

Achimwene, pepani ndi bawutiyo. Ndikudziwa mmene mtima umapwetekera ukamamanga n'kumati yatsala pang'ono kugwira, kenako sipanala ingofewa m'manja, bawuti n'kumangozungulira, ukaitulutsa n'kupeza tizitsulo ta aluminiyamu tatsalira m'mazinga mwake. Koma buku musataye ayi, mnzanuyo wapupuluma. Vuto lanu loyamba ndi lakuti buku muli nalolo si la njinga yanu.

CG125 inayamba kupangidwa mu 1975 ndipo yapangidwa zaka zambirimbiri, dzina lomwelo koma mkati zinthu zikusintha. Zoyambirira zinali za magetsi a 6V ndi mapoyinti, zapambuyo pake zinabwera ndi 12V ndi CDI (mapoyinti ndi CDI ndi njira ziwiri zosiyana zoperekera moto ku pulagi). Nde ngati chithunzi chikuonetsa mapoyinti inu muli ndi CDI, bukulo silikunama, likungokamba za njinga ina. Masamba oyamba asowawo ndi amene amanena kuti buku ndi la chaka chiti komanso la manambala ati a injini ndi felemu. Pukutani injini yanu pansi chakumanzere, mupeza nambala yodinda pachitsulo, ya felemu ili pakhosi pomwe pamalowa mahandulo. Lembani zonse ziwiri, musakhulupirire manual iliyonse musanaifananize ndi manambala amenewo.

Mabukuwa ali mitundu iwiri. Pali la fakitale, lomwe kampani yopanga njinga imalembera amakaniko ake. Manambala ake ndi amene ine ndimawadalira kuposa ena onse, koma limalankhula ngati munthu ukudziwa kale ntchito, lingonena kuti chotsani flywheel ndi chida chakutichakuti basi, osakuuzani kuti mulibe chidacho mutani. Kenako pali a anthu okonzera pakhomo ngati a Haynes a ku England ndi Clymer a ku America. A Haynes njira yawo ndi yophwasula makina onse n'kuwamanganso akujambula zithunzi, n'chifukwa chake amafotokoza bwino kuti choyamba kuchotsa ndi chiti, chotsatira ndi chiti. Kuipa kwake buku limodzi limatha kunyamula njinga za zaka zambiri, nde umayenera kukhala maso kuti ndime ukuwerengayo ndi ya yako. Mukatha kupeza onse awiri zili bwino kwambiri, ndondomeko mutenge ku la okonzera pakhomo, manambala mutsimikize ku la fakitale. Zolakwika posindikiza zimapezekadi m'mabuku a mtundu uliwonse, ndipo sikana yosaoneka bwino imatha kusandutsa 3 kukhala 8.

Tsopano za bawuti yanuyo, apa ndichedwapo chifukwa ndi pomwe ambiri amagwera. Mwati munamanga pa 10, koma 10 wa chani? Mabuku amalemba mphamvu yomangira bawuti m'miyeso yosiyanasiyana: ena mu Nm, ena mu kgf-m, ena mu ft-lb kapena in-lb. Bawuti wamba ya 6 mm imafuna pafupifupi 10 Nm. Koma ft-lb imodzi ndi 1.36 Nm, nde ngati torque wrench yanu munaitchera pa 10 kumbali ya ft-lb ndiye kuti munamanga ndi 13.6 Nm, kupyola muyeso ndi gawo loposa limodzi mwa magawo atatu, pa mazinga a aluminiyamu okalamba. Ndipo kgf-m imodzi ndi 9.8 Nm, pomwe in-lb 12 ndi amene amapanga ft-lb imodzi, mukuona kuti kungosokoneza tizilembo timeneti kungathyole chitsulo. Chinanso, manambalawa nthawi zambiri amakhala a mazinga oyera komanso ouma pokhapokha buku litanena kuti pakani oyilo. Mukapaka girisi bawuti imaterera, sipanala imachedwa kulira, inu n'kumangokoka pomwe yagwira kale. Komanso torque wrench yaikulu yomangira mawilo siyeza bwino manambala ang'onoang'ono ngati amenewa, pamafunika yaing'ono.

Ine ndimauza aliyense kuti dzanja likamva kuti china chake sichili bwino, imani, ngakhale sipanala isanalire. Amene analemba buku anali ndi njinga yabwinobwino patsogolo pake, yanuyo yadutsa m'manja mwa anthu angati? Mwina wina anaikapo bawuti yaifupi yogwira mazinga atatu okha, mwina bowo linadzadza dzimbiri ndi oyilo wakale. Zimenezo palibe tsamba lingakuuzeni, muyenera kusuzumira nokha ndi tochi. Bowo lawonongekalo limakonzeka, pali kawaya kopota kotchedwa helicoil komwe amaika atabowola pang'ono n'kudula mazinga atsopano, kakalowa bwino bawuti imagwira ngati kale.

Palinso zinthu zomwe buku lakale silingadziwe chifukwa zinabwera pambuyo. Oyilo mwachitsanzo. Kilatchi ya njinga yanu imasamba mu oyilo wa injini, ndipo oyilo wina wa magalimoto wa masiku ano amaterera kwambiri moti kilatchi imayamba kuphonya, nde yang'anani pabotolo chizindikiro cha JASO MA, chosonyeza kuti oyiloyo ndi woyenera kilatchi yotere, ngakhale buku lanu silikuchitchula. Masikuluu a njinga za ku Japan nawo ambiri ndi a JIS (muyeso wa ku Japan komweko), ena amakhala ndi kadontho kakang'ono pamutu, mukawalowa ndi sikuludiraiva wamba ya Phillips imadumpha n'kudya mutu. Ndaonapo injini zambiri zokhala ndi mitu yotafunika chifukwa cha chokhachi, zimamvetsa chisoni.

Koma pali malo omwe sindifuna muziganizira nokha. Mpata wa mavavu muyeze injini itazizirat​u monga buku likunenera, feeler gauge (kachitsulo kopyapyala koyezera mpata) izidutsa mokoka pang'ono osati kungolowa mwaulere. Manati a hedi mumange motsatana mmene chithunzi chikuonetsera, modumphadumpha komanso pang'onopang'ono, apo ayi gasiketi idontha. Mabuleki ndi nati ya ekiselo nazonso tsatani nambala, pamenepo pali moyo wanu.

Za mawaya, mukapeza chithunzi cha chaka chanu yambani ndi waya wobiriwira, pa Honda ameneyo ndiye wa earth, pomwe pa Yamaha ndi wakuda, nde musabwereke chithunzi cha njinga ya mnzanu. Musanamasule chilichonse jambulani ndi foni, ndipo nambala iliyonse mwaitsimikiza muzilemba ndi pensulo m'mbali mwa tsamba. Ikadzalira njinga ya bambowo mudzandilemberenso, ndikufuna kumva.