Receiver yanu sinafe, koma chotsani kaye mapiko

Wowerenga wina wandilembera kuti wagula receiver (kachipangizo kolandira siginolo ya wailesi yowulutsira drone) ya mtundu wa ExpressLRS, wailumikiza ku flight controller (bolodi yolamulira drone), koma akagwedeza timitengo ta wailesi, mu Betaflight, pulogalamu yokonzera bolodiyo pa kompyuta, simukuyenda kanthu. Kumapeto anatchulako mongodutsa kuti akuyesera patebulo, batire lili mkati, mapiko (ma propeller) ali pompo. Achimwene, mawu omalizawo ndi amene andiwawa mumtima.

Ine ndinayamba zouluka zimenezi nthawi ya PWM, njira yakale yolumikizira receiver, pamene channel iliyonse (njira ya lamulo limodzi lochokera ku wailesi) inali ndi waya wakewake. Kenako kunabwera PPM yotenga ma channel 8 pa waya umodzi, ndiye SBUS ya kampani ya Futaba ya ma channel 16. SBUS inatiliza ambiri, chifukwa siginolo yake imabwera yozondoka, ndipo bolodi ya mtundu wa F4 siyiimva pokhapokha mutailowetsa pamalo pamene pali inverter, kachipangizo kotembenuza siginolo.

M'masiku amenewo ndinali ndi mnzanga amene tinkamangira limodzi ma drone. Munthu waluso, wowotcherera mawaya mwaukhondo kuposa ine. Atalimbana ndi SBUS mpaka usiku, receiver inayankha, iye n'kusangalala, n'kuzula USB kuti amve kulira kwa mamota. Chimene sanaone n'chakuti wailesi yake inkatumiza ma channel mwa dongosolo la TAER (throttle pa channel yoyamba) pamene bolodi inkayembekezera AETR (throttle pa channel yachitatu). Kwa bolodiyo, throttle, imene imalamulira mphamvu ya mamota, inali pa kamtengo ka pitch, kopendeketsa drone kutsogolo ndi kumbuyo. Anakakokera pansi, n'kukhudza switch ya arm, yolola mamota kuti azungulire, drone inavomera. Atakasiya, kamtengo kanabwerera pakati ndi sipuling'i yake, pa 1500, ndiye kuti theka la mphamvu zonse. Drone inadumpha patebulo n'kumupeza padzanja. Magazi amene ndinaona usiku umenewo sindidzawaiwala, ndipo chala chake chimodzi mpaka lero sichipindika bwino.

N'chifukwa chake ndinauma mtima pa nkhaniyi. Munthu akakana kuchotsa mapiko poyesera, sindimuthandiza, kaya akwiye. Ena amati mapulogalamu a masiku ano amatseka mamota USB ikakhala yolumikizidwa. N'zoona, koma USB mumaizula nokha ndi dzanja lomwelo limene lili pafupi ndi mapiko. Chinanso chimene chimandikwiyitsa ndi makanema a pa intaneti amene amaonetsa drone ikumangidwa kenako ili kale m'mwamba, osaonetsa failsafe (chimene drone imachita siginolo ikaduka) n'komwe. Anthu amawononga ndalama zambiri pa magalasi owulutsira ndi kamera, koma sanazimitsepo wailesi mwadala kuti aone chimene drone yawo ingachite siginolo ikaduka. Ikadukira pamwamba pa anthu, wolakwa ndi mwini drone, osati receiver.

Tsopano za mawaya anu

ExpressLRS imalankhula ndi bolodi kudzera mu njira yotchedwa CRSF, ndipo mawaya ndi anayi: 5V ndi GND a magetsi, TX wotumiza ndi RX wolandira. TX ya receiver ipite ku RX ya bolodi, RX ipite ku TX, zonse pa UART imodzi, ndiye kuti TX ndi RX za nambala yofanana pa bolodi. Ndikukhulupirira kuti apa ndi pamene mwasokoneza, chifukwa ambiri amalumikiza TX ku TX. Musagwiritse malo olembedwa SBUS pa bolodi ya F4, inverter ija idzazondotsa siginolo yanu. Mu Betaflight, pa tsamba la Ports, yatsani Serial RX pa UART yomweyo n'kusunga, kenako pa tsamba la Receiver sankhani Serial ndi CRSF. Ngati kanyali ka receiver sikakuyaka ndi USB yokha, n'chifukwa mabolodi ambiri sapereka magetsi pa 5V popanda batire. Funani malo olembedwa 4V5. Mizere ya ma channel pa tsamba la Receiver ikayamba kuyenda, onetsetsani kuti kamtengo kalikonse kakusuntha mzere wake, kuchoka pafupi ndi 1000 kufika pafupi ndi 2000. Mukatero zulani USB, chitani arm ndi batire mapiko ali kutali, zimitsani wailesi, ndipo mamota akuyenera kuima. Akapitiriza kuzungulira, konzani failsafe musanabwezeretse phiko ngakhale limodzi.