Umenewo si nsatsi, ndi jatrofa

Asisi amene mwatumiza chithunzi cha mtengo mukuuyesa nsatsi, mtengowo si nsatsi ayi, ndi jatrofa, uja akuluakulu amati msatsimanga. Ngati ana ayamba kale kutola njere zake, achotseniko lero lomwe. Awo alemba pamwambapa kuti mufinye mafuta ophikira, Mulungu awakhululukire. Chipatso cha nsatsi chili ndi minga ndipo njere zake n'zamawangamawanga. Chanucho n'chosalala, chimayamba chobiriwira, chimapsa chachikasu, kenako chimada n'kung'ambika, mkati muli njere zitatu zakuda bii. Thyolani tsamba muone madzi omata otuluka pamenepo, akadonthera pachitenje banga lake silichoka.

Ife unatipeza mu 2008, kumudzi cha ku Katete. Kunabwera mnyamata wa kampani ina pa njinga yamoto, atapachika chikwama, anthu tasonkhana kwa a nyakwawa. Akuti dizilo adzachokera m'minda mwathu, mtengowu umabereka ngakhale pamiyala, sufuna feteleza, thonje tiliiwale. Tinalembetsa mayina. Pakamwa pake sipanatuluke ngakhale kamodzi mawu oti njerezo ndi poizoni.

Titayamba kukolola ndinayanika njere pamphasa pabwalo n'kupita kudimba. Mwana wanga wamwamuna anali ndi zaka 4. Anakhala pamenepo ndi mnzake akuswa n'kumadya, poti sizowawa, zimakoma ngati nshawa. Dzuwa likupendeka anayamba kusanza. Kusanza kosalekeza, mpaka kumangotuluka thovu. Posakhalitsa m'mimba munatseguka, madzi okhaokha, zovala zonse zinatha, ndinayamba kumufunditsa chitenje chimene ndinavala. Maso analowa mkati, milomo gwa, akulira koma misozi palibe. Apongozi anga ali kalikiliki kutuma mwana akaitane sing'anga, akuti alodzedwa. Anatiululira ndi makoko amene tinapeza m'thumba la kabudula wa mnzake uja, nayenso atayamba kugwira pamimba. Bambo ake anapalasa njinga mumdima, ine pakaliyala nditamubereka, akundisanzira kumsana, mutu wake ukungogwera uku ndi uku. Pofika ku kiliniki anesi anafuna mtsempha padzanja osaupeza, anayesa dzanja linalo, mpaka anakaupeza kuphazi n'kuika dripi. Ndinakhala pansi pasimenti ndikumugwira chala kuti ndizimva ngati akutenthabe. Anachira, lero ndi mnyamata wamkulu, koma polemba pano manja akunjenjemera.

Nanga wa njinga yamoto uja? Foni yake inasiya kulira. Matumba a njere anakhala m'nyumba mpaka anachita nkhungu, wogula osaoneka. Zoti umabereka pamiyala linali bodza, pouma umangokhala moyo koma zipatso n'zowerengeka, ndipo sizipsa pamodzi, umatola lero pang'ono mawa pang'ono, chimanga chikudikira khasu. Anthu anagwetsa misuku yobereka kuti abzale chinthu chimenechi. Ndikamukumbukira mtima umandiwawa, anadya ndalama zake za mafuta n'kutisiya ndi poizoni pakhomo.

Mphwanga amene anaphunzira za ulimi ndiye anadzandimasulira bwino. Jatrofa ali m'banja limodzi ndi chinangwa, nsatsi, nkhadze ndi mtengo wa labala, banja lotchedwa Euphorbiaceae, ndipo ambiri a m'banjamo ali ndi utomoni woipa. Ubale wake ndi chinangwa ndi wapafupi moti katswiri wa zomera Linnaeus, polemba mayina a zomera mu 1753, anaika chinangwa m'gulu la Jatropha lomwelo, akatswiri anadzachipatula pambuyo pake n'kuchiika m'gulu lina lotchedwa Manihot. Koma musanamizike ndi ubalewo. Chinangwa chowawa mukachiviika poizoni amachoka, pomwe wa jatrofa ali m'mafuta mwenimwenimo ndipo kukazinga sikumuchotsa. Gulu la Jatropha lili ndi mitundu yoposa 150. Wathuyu, Jatropha curcas, kwawo ndi ku Mexico ndi Central America, anabwera ku Africa ndi Apwitikizi. Ndipo inu a m'tauni ya Chipata musadzione otetezeka, duwa lija la maluwa ofiira ndi masamba ong'ambikang'ambika limene ena amabzala pakhomo kuti likongoletse, Jatropha multifida, ndi m'bale wake ndipo njere zake n'zoopsa chimodzimodzi.

Ndiye ngati mtengo wanuwo uli pakhomo, dulani, zulani ndi chitsa chomwe chifukwa umaphukanso, ndipo njere zogwa pansi muzitole muzikwirire m'dzenje lakuya. Mwana akadya musamukakamize kusanza, musadikire kuti kuche, m'patseni ORS pang'onopang'ono muli m'njira, ndipo tengani njere zingapo anesi akaone chimene wadya.

Koma ngati uli kudimba, kutali ndi ana, umenewo musaukhudze. Mbuzi ndi ng'ombe siziudya, chilala sichiupha, mumangodula nthambi n'kuzika mvula ikayamba, mpanda wamera. Wanga wakudimba ulipobe ndipo repu wanga mbuzi za aneba zimangomuonera patali. Mukamaudulira chaka ndi chaka umathithikana bwino. Amene akufuna nthambi zobzala andilembere ku inbox Novembala asanafike.