Windows XP mkati mwa laputopu yatsopano: yankho kwa bambo a ku Mufakose

Bambo ena a ku Mufakose mu mzinda wa Harare, amene amalemba zikwangwani ndi kudinda malaya a makwaya, anditumizira imelo. Kompyuta yawo ya Windows XP yayamba kumangozima yokha, ndipo pulogalamu yoyendetsera makina awo odulira zomata ikukana kulowa mu laputopu ya Windows 11 imene mwana wawo wawagulira. Funso lawo ndi lakuti: "Ndamva kuti XP ikhoza kukhala mkati mwa kompyuta ina. Kodi n'zoona, nanga ndiyambire pati?"

N'zoona, bambo. Pulogalamu yake ndi VirtualBox ya kampani ya Oracle, ndipo ndi yaulere. Imapatula gawo la memory ndi la hard disk ya laputopu yanu n'kulipereka kwa XP, ngati mmene mumaperekera chipinda chimodzi kwa munthu wa lendi nyumba ikadali yanu. Pulogalamu yanu ya makina odulira ija mwina ikukana chifukwa chakuti mapulogalamu ambiri a nthawi imeneyo ali ndi tizigawo ta 16-bit, pomwe Windows ya 64-bit siwerenga n'komwe zoterozo, ndipo Windows 11 yonse ndi ya 64-bit.

Musanayambe, yang'anani kumbuyo kwa kompyuta yakaleyo muone chingwe cha makinawo pamene chalowa. Apa ndi pamene pagona nkhani. Chikakhala cha USB, zinthu zili bwino. Chikakhala cha serial, chija cha timano 9, kachingwe kosinthira ku USB kamapezeka m'mashopu a makompyuta m'tauni ndipo kawirikawiri kamagwira. Koma ngati pali kachipangizo ka laisensi kotchedwa dongle kolowa pa parallel port, pakamwa patali pa timabowo 25, musadzivutitse: zingwe zosinthira parallel anazipangira maprinta, dongle saiona. Pamenepo nzeru ndi kukonzetsa kompyuta yakaleyo, chifukwa kuzima yokha nthawi zambiri kumachokera ku fumbi lotseka fani kapena power supply yotopa.

Tinene kuti ndi USB. Onani kaye ngati Intel VT-x kapena AMD-V, imene imalola laputopu kuyendetsa kompyuta ina mkati mwake, ndi yotsegula mu BIOS, pa zosankha za laputopu Windows isanayambe. Task Manager imakuuzani pa Performance, pamene palembedwa Virtualization. Kenako mu VirtualBox dinani New, sankhani Windows XP ya 32-bit, ipatseni memory ya 1 GB ndi disk ya 20 GB. Kuipatsa memory yoposa 4 GB ndi kutaya chabe, poti XP ya 32-bit siifikira. Disk ija isiyeni pa IDE, njira yakale yolumikizira hard disk, monga mmene VirtualBox yaiikira. Ambiri amasinthira ku SATA, njira yatsopano, poganiza kuti ithamanga, kenako CD ya XP, imene inatuluka mu 2001 isanadziwe zimenezo, imanena kuti sikuona hard disk iliyonse, kapena sikirini imasanduka yabuluu ndi nambala ya 0x0000007B.

Laputopu zambiri zamasiku ano zilibe polowetsa CD, choncho CD yanu ya XP isandutseni fayilo ya ISO, kope la CD yonse mu fayilo imodzi, pa kompyuta ina imene ili napo. Kuika kwenikweniko mukukudziwa kale: F8 kuvomereza laisensi, kusankha NTFS pokonza disk, n'kudikira. Ikayambiranso n'kulemba kuti mudine batani lililonse kuti iyambire pa CD, manja akhale m'thumba, apo ayi mubwerera poyambira. Mouse ikakodwa mkati mwa windo la XP, Ctrl ya kumanja ndiyo imaimasula. Mukamaliza pitani pa Devices muike Guest Additions, kuti sikirini ikule komanso mukhale ndi foda imodzi yoonekera mbali zonse ziwiri. Makina odulirawo muwalembetse pa Settings, gawo la USB, musankhe USB 2.0 chifukwa XP siidziwa 3.0. Kuyambira VirtualBox 7.0 ya 2022 zimenezi zimabwera momwemo, simufunikanso kuwonjezera Extension Pack.

Za laisensi ndisakubisireni. XP imakupatsani masiku 30 kuti muitsimikizire, ndipo nambala yomatidwa pa bokosi la kompyuta yogula ili kale ndi Windows ndi ya kompyuta yomweyo basi. Yosamutsika ndi ya CD yogula payokha. Ma ISO a pa intaneti amene amati "safuna nambala" ine sindingawaike pa makina odyetsa banja, chifukwa simudziwa chimene anabisamo.

Tsono chimene ndikukupemphani kwambiri: XP imeneyi isalawe intaneti. Microsoft inasiya kuitumizira zotseka mipata pa 8 April 2014, ndipo vairasi ya WannaCry itavuta mu May 2017 kampaniyo inachita kutulutsa chigamba chapadera cha XP, umboni wakuti mipata inalipo yambiri. Pa Settings, gawo la Network, chotsani chizindikiro pa Enable Network Adapter. Zojambula za makasitomala zolandira pa WhatsApp muzitsegula ku Windows 11, zikayera n'kuziponya mu foda ija. Ndikudziwa kuti anyamata a pashopu adzafuna kuona zigoli za Dynamos ndi CAPS United pomwepo. Auzeni aonere pa foni.

Zonse zikayenda, makina atadula chomata choyamba, tengani Snapshot mu VirtualBox, chithunzi chosunga XP mmene ilili panthawiyo. Tsiku limene XP idzasokonezeke mudzangobwerera pamenepo. Koma Snapshot imakhala pa disk yomweyo, choncho zimitsani XP, mukopere foda yonse ya VirtualBox VMs pa hard disk yapadera. Ndi kuzimazima kwa magetsi kwathu kuno, batire ya laputopu ikuthandizani, komabe ikatsala pang'ono tsekani XP mwadongosolo isanafe yokha, poti fayilo ya disk ikhoza kuwonongeka ikadukizidwa ikulemba.

Kompyuta yakaleyo musaigulitse ku msika wa Siyaso msanga. Isungeni mpaka yatsopanoyi itagwira ntchito mwezi wathunthu, ndipo lero lomwe koperani mafonti ndi mafayilo a makasitomala isanazimiretu. Mukandijambulira chithunzi cha kumbuyo kwake, ndikuuzani chingwe choyenera kugula.