Mawaipa akusiya mizere pagalasi: ndigule otani?

Bambo wina wanditumizira funso pa imelo. Akuti mawaipa a galimoto yawo ayamba kusiya mizere pagalasi lakutsogolo, ndipo ya mbali ya dalaivala ikumadumphadumpha ikamatsika. Atapita kokagula ena anaonetsedwa mitundu itatu yosiyana kapangidwe, ndiye anabwerera chimanjamanja posadziwa woti atenge. Afunsanso ngati angaike otalikirapo kuti azipukuta malo aakulu.

Bambo, tiyambe ndi kudumphadumphako, chifukwa si nthawi zonse pamene waipa imakhala yolakwa. Dzutsani mkono wa waipa, muyendetse chala pa labala kuchokera nsonga ina mpaka ina. Labala wabwino amakhala wofewa, ndipo mlomo wake umene umakhudza galasi umakhala wosongoka bwino. Mukamva timing'alu, kapena mlomowo ukakhala wobulungira, kapena wagonera mbali imodzi osabwereranso, ndiye kuti watha. Dzuwa ndi kutentha zimaumitsa labala ngakhale galimoto itangokhala osayenda, n'chifukwa chake opanga ambiri amalangiza kusintha pakapita miyezi 6 mpaka 12.

Labala akakhala kuti akadali bwino, tsukani galasi ndi mankhwala otsukira magalasi kapena sipiriti, chifukwa mafuta a mu utsi ndi polishi zimapanga kachifunga kamene madzi okha sangachotse. Pukutaninso labalayo ndi kansalu konyowa mpaka kasiye kuda. Zikapitirira, kayikirani mkono. Labala amayenera kuima chilili pagalasi, kuti waipa ikamakwera azigonera kumbuyo, ikamatsika azitembenukira mbali inayo. Mkono ukapotoka pang'ono, labala amakokedwa bwinobwino ulendo umodzi koma ulendo winawo amakankhidwa, n'kumapita akudumpha. Popeza mwanena kuti yanu imavuta potsika pokha, apa ndi pamene ndikukayikira kwambiri. Makaniko amauwongola ndi masipanala awiri, pang'onopang'ono, ndipo mukapanda kutero waipa yatsopano idzadumphanso chimodzimodzi. Palinso sipuling'i imene ili kunsi kwa mkono. Ikafooka, pamatsala chigamba chosapukutidwa, makamaka mukathamanga.

Tsopano za kugula. Zinthu ziwiri zoyamba si dzina la kampani ayi, koma kutalika ndi polumikizira.

Pa magalimoto ambiri mawaipa awiriwa sakhala ofanana. Ya dalaivala imakhala yaitali, mwachitsanzo mainchesi 24 kapena 26, pamene inayo imatha kukhala 14, 16 kapena 18. Makatoni ena amalemba mamilimita, ndipo inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, choncho 16 ndi pafupifupi 400, 24 ndi pafupifupi 600, 26 ndi pafupifupi 650. Onani m'buku la galimoto. Ngati palibe, yezani labala ndi tepi, iliyonse payokha, koma dziwani kuti amene anaika zimene zilipozo akhozanso kuti analakwitsa. Waipa yakumbuyo ndi nkhani ina, nthawi zambiri imakhala ndi polumikizira pakepake pa mtundu wa galimotoyo.

Zoika zotalikirapo ndikuti musatero. Mphamvu ya sipuling'i ndi yomweyo, ndiye mukaigawira labala wamtali, malo aliwonse amakanikizidwa mochepa ndipo mizere imachuluka. Nsonga imathanso kukafika m'mbali mwa galasi momwe lapindika kwambiri n'kumalendewera m'malere, kapena kumamenya labala wa m'mphepete. Choopsa kwambiri n'chakuti mawaipa awiriwo amatha kukolana pakati pa mvula, n'kupinda mkono kapena kuvutitsa mota. Mukasowa saizi yeniyeni, yofupika ndi inchi imodzi ndi yabwinoko kusiyana ndi yotalika. Koma ngati kuseri kwa galasi loonera kumbuyo kuli kamera kapena kachipangizo kozindikira mvula, onetsetsani kuti malo amenewo akupukutidwabe.

Polumikizira ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama. Pofala kwambiri ndi pamene mkono umathera ndi ngowe yopindika ngati chilembo cha J, ndipo ngoweyi ilipo yaing'ono ndi yokulirapo. Magalimoto ena ali ndi kamsomali kotulukira m'mbali, ena ali ndi batani lamakona anayi pamwamba limene mumadina, ena ali ndi timakutu tiwiri timene mumatsina kuti waipa ituluke. Jambulani polumikizirapo ndi foni, kapena chotsani waipa yakaleyo mupite nayo. Mawaipa olembedwa kuti amakwana paliponse amabwera ndi timapulasitiki tingapo tosinthira. Amagwira ntchito, koma kapulasitiki kakakhala kogwedera, waipa imapendekeka ndipo ikhoza kuvuka muli pa liwiro.

Mitundu itatu imene munaonetsedwa ija ndi iyi. Woyamba ndi wakale uja wa mafelemu achitsulo, wokhala ndi timikono timene timagwira labala malo 6 kapena 8. Ndi wosavuta kupeza ndipo umagwira bwino pagalasi losapindika kwambiri, koma umakanikiza pa malo ogwirawo pokha, timfundo take timachita dzimbiri n'kuuma, ndipo mphepo imaunyamula mukathamanga. Wachiwiri ndi wopanda felemu, umene ambiri amati flat blade. Mkati mwake muli kachitsulo kopyapyala kopindidwa kale ngati uta, kamene kamakanikiza labala mofanana kuchokera nsonga mpaka nsonga, ndipo pamsana pali kaphiko kamene mphepo imakakankhira pagalasi. Magalimoto ambiri atsopano amachoka nawo kufakitale. Wachitatu, hybrid, ndi felemu yomwe ija koma yovekedwa chikuto chapulasitiki choti mphepo izidutsa bwino, ndipo umapezeka kwambiri pa magalimoto a ku Japan.

Malangizo anga ndi akuti mugule mtundu umene galimoto inabwera nawo. Ngati inabwera ndi wopanda felemu, musabwerere ku wa mafelemu, chifukwa galasi ndi mkono zinapangidwira umenewo. Ngati inabwera ndi wa mafelemu ndipo mumayenda maulendo ataliatali pa liwiro, kusamukira ku wopanda felemu kapena hybrid kumathandiza. Koma uta wa waipa yotchipa yopanda felemu nthawi zina sugwirizana ndi kupindika kwa galasi lanu, ndipo mudzaona nsonga, makamaka ya mbali ya wokwera, ikusiya madzi. Zikatero wa mafelemu wabwino umaposa. Makampani ngati Bosch, Valeo, Denso ndi Trico ali ndi mndandanda wosonyeza nambala ya waipa yoyenera galimoto iliyonse malinga ndi mtundu ndi chaka chake, ndipo kugula potsatira nambalayo kumakupulumutsani ku zambiri.

Pali kanthu kena kamene ogulitsa ambiri satchula. Kaphiko ka mawaipa ena opanda felemu kamapendekera mbali imodzi, ndiye alipo opangidwira galimoto ya chiwongolero cha kumanja, ena cha kumanzere. Pakatoni pamalembedwa RHD (chiwongolero cha kumanja) kapena LHD (cha kumanzere). Mukaika olakwika, mphepo imalowa kunsi kwa kaphiko n'kumadzutsa waipa m'malo moikanikiza. Mukaiika, mbali yotsetsereka ya kaphikoko iyang'ane kuboneti.

Za labala weniweniyo sinditalikitsa. Wachilengedwe amapukuta bwino koma sapirira dzuwa, wopangidwa ndi mankhwala amapirirako, ndipo wa silicone amakhalitsa pa kutentha komanso amasiya kautoto kothamangitsa madzi pagalasi. Ambiri abwino amapakidwa graphite, chakuda chija cha mkati mwa pensulo, kuti azitsetsereka mwakachetechete. Ngati felemu ya waipa yoyambirira ikadali yolimba, makampani ena monga Toyota ndi Honda amagulitsa labala yekha. Mumasolola wakaleyo, kusamutsa tizitsulo tiwiri tam'mbali n'kulowetsa watsopano mpaka atakola. Chenjerani ndi m'lifupi mwake, chifukwa amasiyana ndi mamilimita ochepa chabe koma wolakwika salowa kapena amavuka.

Poika, yalani thaulo lopinda pagalasi musanachotse kalikonse. Mkono wopanda waipa ukakuphonyani umamenya galasi kuti pha, ndipo chitsulo chimenecho chikhoza kung'amba galasi nthawi yomweyo. Ngati mawaipa amabisala kunsi kwa boneti, musawakakamize kudzuka chifukwa mukanda penti. Magalimoto ambiri otere ali ndi njira yowaimitsira pakati pa galasi, kawirikawiri pozimitsa injini n'kudina ndodo ya waipa nthawi yomweyo, koma onani m'buku lanu. Pa ngowe ya J, dinani kaloko kali kunsi, kokerani waipa chotsika kulowera kutsinde la mkono, itulutseni, kenako lowetsani yatsopano n'kukoka mpaka mumve kuti tha. Igwedezeni kuti mutsimikize kuti yakola. Chitani imodziimodzi kuti inayo ikhale chitsanzo, ndipo musasinthanitse yaitali ndi yaifupi. Mawaipa ena amabwera ndi kachikuto kapulasitiki kachikasu kapena kobiriwira pa labala. Kachotseni, chifukwa anthu ena amakaiwala n'kumadandaula kuti agula zachinyengo.

Sinthani onse awiri nthawi imodzi, popeza dzuwa lawawotcha mofanana. Mukamaliza, thirani madzi ambiri pagalasi n'kuyesa pa liwiro lililonse, mukuyang'ana ngati nsonga zikugunda m'mphepete kapena kukhudzana. Kuyambira pamenepo musamayatse mawaipa pagalasi louma lafumbi, chifukwa mchenga umadya mlomo wa labala ndipo umakanda galasi mizere imene waipa iliyonse singachotse. M'thanki ya madzi opopera muzithiramo mankhwala ake enieni, osati sopo waufa, amene amatseka timabowo topopera ndi kusiya zoyera pagalasi. Timabowoto tikatsekeka, titokoseni mosamala ndi singano yaing'ono.