Supa guluu pa tisitima ta njanji kuno ku Mzuzu

Bambo wina wa ku Luwinga wandilembera imelo. Akuti mwana wawo amene ali ku Johannesburg anawatumizira kasitima kachidole ka msinkhu wotchedwa sikelo ya HO, injini ndi mabogi ake, ndipo ayamba kumanga siteshoni pa thabwa. Koma supa guluu akuwasowetsa mtendere: mawindo a bogi achita mbuu, tizitsulo togwirira tikumatuka, ndipo chubu akangotsegula sichichedwa kuuma. Akufunsa kuti agule wotani, azimata bwanji, nanga azisunga pati.

Bambo, zambiri mwa zimenezi gwero lake ndi chinyezi. Guluu ameneyu, dzina lake lenileni cyanoacrylate, sauma monga amachitira guluu wa matabwa, amene amadikira kuti madzi ake aphwe. Iyeyu amalimba akakumana ndi kachinyezi kamene kali mumpweya komanso pa chinthu chomwe mukumatacho. N'chifukwa chake amagwira zala msanga kuposa pulasitiki. Wasayansi wa ku America, Harry Coover, anamutulukira mu 1942, n'kuyamba wamusiya poti ankangomatirira paliponse, ndipo anafika m'masitolo mu 1958 ndi dzina loti Eastman 910. Tsono ganizirani Mzuzu wathuyu, mvula mpaka Epulo, nkhungu m'mawa, mawawa m'nyengo yozizira. Nthawi iliyonse mukatsegula chubu mumalowetsamo mpweya wachinyezi, ndipo guluuyo amayamba kulimba ali m'kati momwemo.

Choncho musagule botolo lalikulu ngakhale likuoneka lotchipa. Timachubu ta magalamu 3 timene amagulitsa mumsika ndi m'mahadiweya ndi tokwanira, chifukwa kamodzi mumakamaliza kasanaonongeke. Kasinizeni pang'ono musanalipire, ngati kali gwa kasiyeni. Muzikhala ndi mitundu iwiri. Wamadzimadzi ndi wa zinthu zokumana bwino: mumazigwirizitsa kaye, n'kudonthezera m'mbali, iye amalowa yekha mumng'alu. Wokhuthara, amene pachubu amalemba kuti gel, ndi wa tizitsulo togwirira, tianthu toimika pa siteshoni, ndi pena paliponse pamene pali kampata. Amakupatsani kanthawi koti muwongole chinthu chisanagwire.

Pomata ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Sikelo ya HO ndi 1:87, kutanthauza kuti munthu wamkulu amatalika pafupifupi masentimita 2 okha. Pa msinkhu umenewu dontho limodzi lochokera pachubu lili ngati mwakhuthula ndowa yonse. Musamate kuchokera pachubu. Donthezerani pa kachitsekero ka botolo, tengani ndi nsonga ya singano, pakani mbali imodzi yokha, ndipo gwirani osagwedeza kwa masekondi pafupifupi 30. Guluu wochuluka amachedwa kulimba ndiponso sagwira mwamphamvu. Tizitsulo tanu tikumatuka mwina chifukwa munamata pamwamba pa penti kapena pa mafuta a m'zala. Palani pentiyo, kwechani pang'ono ndi sandipepa, pukutani ndi spiriti. Ngati n'kotheka boolani kabowo kuti kachitsulo kalowe, chifukwa supa guluu amapirira kukoka koma akagundidwa cham'mbali amathetheka.

Kuyera kwa mawindo kumachokera ku nthunzi ya guluuyo. Imauluka, kukumana ndi chinyezi, n'kutera ngati ufa woyera pa pulasitiki yoonekera, makamaka pamene pali zidindo za zala. M'bogi yotseka nthunziyo imasowa kotulukira. Ine malangizo anga ndi akuti mawindo musawayandikize n'komwe supa guluu. Guluu woyera wa matabwa amagwira bwino pamenepo ndipo akauma amaonekera ngati galasi. Yemweyo, mutamusungunula ndi madzi n'kuthiramo kadontho ka sopo wotsukira mbale, ndi amene amamatira timiyala ta m'njanji.

Palinso malo ena amene sayenera. Nyumba za pulasitiki ya polystyrene zimafuna guluu wake wosungunula pulasitikiyo kuti mbali ziwiri zikhale chimodzi. Pulasitiki yoterera ya zolumikizira mabogi ndi zogwira mateyala imamukana. Mawaya amafuna kuwotcherera ndi mtovu, poti guluu sadutsitsa magetsi. Ndipo musamufikitse pafupi ndi mota kapena pamene njanji zimapatukira.

Pa mng'alu waukulu, thiranimo soda yomwe ija yophikira therere, kenako dontho la wamadzimadzi. Pomwepo pamalimba gwa, moti mutha kupala n'kupenta. Koma pamatentha, ndiye chotsanipo chala. Thonje ndi nsalu ya thonje nazonso zimatentha zikanyowa ndi guluuyu, musapukutire zimenezo. Zala zikamatana musakoke, ziviikeni m'madzi ofunda a sopo n'kumazipotokola pang'onopang'ono. Mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo okhala ndi acetone amamusungunula, koma amadyanso pulasitiki ya kasitima kanu. Guluuyu akalowa m'diso, tsukani ndi madzi ambiri, musakanule chikope mokakamiza, thamangirani kuchipatala. Zenera lizikhala lotsegula pamene mukumata, ndipo adzukulu asamufikire.

Posunga, machubu osatsegula akhoza kukhala mufiriji ali m'botolo lotseka bwino. Mukatulutsa dikirani kaye kuti chubu chisiye kuzizira, apo ayi chimachita thukuta ndipo madziwo alowa mukangoboola. Chubu chotsegula kale musachibwezere mufiriji. Pukutani kukamwa kwake ndi kapepala ka pulasitiki, chigogodeni choimirira kuti guluu atsike, tsekani zolimba, ndipo chiikeni m'botolo la galasi pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi ta silica gel timene timabwera m'makatoni a nsapato. Botololo likhale m'kabati, kutali ndi dzuwa ndi nthunzi ya kukhitchini. Muzilembapo tsiku limene mwatsegula. Guluu akayamba kutamuka ngati ulusi pomutenga ndi singano, musamugwiritsenso pa injini kapena pa mabogi, tsegulani chubu china.